Chaka Chimene Ng'ombe Zinatsika Zopanda Nkhata

Ku Tannried kuno, kuphiri kukafa ng'ombe, woyamba kudziwa sanali meya, sanali bambo mfumu. Ndinali ine, Afra Kögel, chifukwa ndine ndinkaluka nkhata. Pano zala zinauma, ngakhale batani la malaya ndimachita kulimbana nalo, koma nthawi imeneyo m'chigwa chonse chino munalibe wondiposa, ndipo amene akutsutsa abwere adzanene pamaso panga.

Ng'ombe zathu zimakwera kuphiri kukadya msipu mu Juni n'kutsika mu Sepitembala, sinowo asanatseke njira. Zikabwerako zonse, popanda yogwera kuphompho kapena yokanthidwa ndi mphenzi, yotsogolera imalowa pachipata itavala nkhata pamutu: nthambi za paini, maluwa akuphiri, kamtanda pamwamba, kagalasi pakati. Ikafa imodzi yokha, nkhata kulibe. Wonena kuti "luka" kapena "usaluke" ndi mbusa yekha basi, ndipo mbusa wathu kwa zaka makumi anayi anali alamu anga, a Magnus Haug.

A Magnus anabadwira m'kanyumba kotsamira khoma la linga lozungulira tauni yathu, kuseri kwa tchalitchi, kumene dzuwa limafika anthu akupakula chakudya chamasana n'kuchoka mbale zisanatsukidwe. Bambo awo anali osoka nsapato ndipo anamukhazika mwana pampando womwewo. Anapirira zaka zingapo, akusoka nsapato zoti munthu ukavala uziyenda ngati bakha. Kenako tsiku lina anaika nyundo pansi n'kukwera phiri. Ati khoma linkawakhala pachifuwa. Ife tonse tinabadwira m'kati mwa khoma lomweli ndipo tikupuma bwinobwino, limatitchingira mphepo ndi anthu osadziwika, koma iwo ayi, ati munthu sangakhale mumphika wovundikira.

Mkulu wanga Zenta anawakonda chonchobe. Mayi athu analira sabata yathunthu kuti mwana wawo akukwatiwa ndi munthu wonunkha ndowe, Zenta n'kuwayankha kuti fungo la ndowe limachoka ndi sopo. Awiriwo anakwera limodzi zaka makumi atatu, mwamuna kubusa, mkazi kukama ndi kukonza tchizi. Mwana Mulungu sanawapatse. Zenta anatisiya mu 1972 ndi chibayo, ndipo Juni wotsatira a Magnus anakwera okha ndi galu.

Alamu angawo anthu sankawasunga m'mutu ndi mayina, ankawasunga ndi ng'ombe zawo. Akakumana ndi munthu pamsika, moni wake unali wakuti, "Mwadzuka bwanji a kwa Gretl? Chiboda chija chinapola?" Ine ndekha, poti ndinalibe ng'ombe ngakhale mchira wake, ndinali ndi dzina langalanga. Ankanditchula Mavu. Ati ndimaluma munthu asanandipute.

Mawu okoma pakati pa ine ndi iwo sanadutsepo, ndipo ndi zimene zinkatisunga. Chaka chilichonse cha nkhata ndinkainyamula m'dengu kukawachingamira pamlatho, kunja kwa linga. Iwo ankaitenga, kuitembenuza uku ndi uku, n'kupukusa mutu.

"Yapendekeka, Mavu. Kodi umaluka utatsinzina?"

"Wopendekeka ndi mutu wanuwo, alamu. Vekani ng'ombe tizipita, anthu akudikira."

Zinkatero chaka ndi chaka, mawu omwewo, osasintha ngakhale pamene Zenta anamwalira.

Pa nkhani ya nkhata anali munthu wosapindika. Mu 1964 ng'ombe ina inabereka kumtunda komweko, kutatsala tsiku limodzi kuti atsike, ndipo kamwanako kanafa kasanaimirire. Sikanali m'chiwerengero, mwini wake yemwe anati zisiyeni, kameneko sitinakatumize ndife. Ine ndinali nditaluka kale. Nditafika pamlatho anangoti, "Bwerera nayo. Nkhata si yokongoletsera ng'ombe, ndi mawu a mbusa." Sindinawalankhule mwezi wathunthu, iwo osazindikira n'komwe kuti ndakwiya.

M'nyengo yozizira ankakhala m'kachipinda kawo pafupi ndi Chipata cha Kuphiri, akusoka malamba a mabelu. Akatopa ankakwera pamwamba pa khoma n'kuzungulira tauni yonse, kawiri, katatu, maso ali kuphiri, ngati galu womangidwa pachingwe. Aliyense ankadziwa kuti munthu uyu amapirira miyezi isanu ndi inayi chifukwa cha itatu ija. Kumulanda itatuyo kunali kumukumbira manda.

Ndiye mu Epulo 1979 eni ng'ombe anakumana m'chipinda chapamwamba cha nyumba yomwera mowa ya pamsika. Ine sindinaitanidwe, nanga si ndilibe ng'ombe, koma ndinangolowa n'kukhala pafupi ndi chitseko. Wapampando anali Ottmar Brutscher, munthu wosaipa mtima koma wamantha ngati nkhuku.

"Achikulire," anatero Ottmar, maso ali m'kapu yake, "zaka 71 si zamasewera. Mukadzagwa kumtundako tidzamvera kwa akhwangwala. Bwanji mupumeko?"

"Gretl wakoyo ndinamukoka m'mimba mwa amake ndi manja awa," anayankha a Magnus, "iwe uli kwala pakhomo la khola, utakomoka. Lero ukundiuza zopuma?"

Anthu anaseka, koma maso anali pansi. Ine ndinaimirira n'kunena zanga, ndipo zina mwa izo ndinakazilapa kwa bambo mfumu Loweruka lake. Pamapeto anagwirizana chonchi: akatsika ndi nkhata, adzakweranso chaka chamawa. Akatsika opanda nkhata, ndodo aipereke kwa wina. Anagwirana chanza, ndipo pa 12 Juni ng'ombe makumi anayi kudza zitatu zinatuluka pachipata, alamu anga ali patsogolo, osacheuka n'komwe.

Chilimwe chonsecho khosi linandiwawa ndi kuyang'ana mitambo. Kukagunda kuphiri ndinkasiya kasitomala ali chiimire mushopu yanga ya maluwa n'kuthamangira pakhomo. Nkhani za kumtunda zinkabwera ndi Pius, amene ankakweza ufa, mchere ndi mafuta a nyale pa bulu Lolemba ndi Lachinayi lililonse. Pius ndi munthu woti ukamufunsa nthawi amayamba wakhala pansi. Kumapeto kwa Ogasiti anandibweretsera mtolo wa maluwa ouma akuphiri, monga a Magnus ankachitira chaka chilichonse zinthu zikamayenda bwino. Mtima unakhala pansi. Patapita masiku atatu anabweretsanso mtolo wina ngati womwewo. Ndinati ndi chipongwe chawo chija, akufuna kunena kuti ndimawononga maluwa, ndipo ndinamutuma Pius akawauze kuti ine si mbuzi.

Lolemba la sabata yotsikira ng'ombe, chakumadzulo, Pius analowa mushopu yanga ya maluwa. Anavula chipewa, anapisa m'matumba monse, kenako anapeza kapepala m'chipewa momwemo. Panali mawu amodzi okha, olembedwa ndi dzanja la a Magnus: "Usaluke."

Ndinakhala pa ndowa.

"Yafa iti?"

"Palibe yafa."

"Iwe Pius, usandiyese mwana. Yagwa iti?"

"Ndithu Afra, ati zonse zilipo. Ndaziona zikudya msipu, zonenepa bwino."

"Unaziwerenga?"

"Ine ndimawerenga bulu, ndipo ndi mmodzi."

"Nanga galu?"

"Galu ali moyo, taona." Anakwinya buluku kundionetsa mano pakatumba. "Wandiluma m'mawa womwe uno."

"Ndiye alamu anga akudwala?"

"Adya mbale ziwiri ine ndikuona. Kungoti ananditchula dzina la malemu bambo anga, koma nanga si ndikamakalamba ndikufanana nawo."

"Ndiye nkhata akukaniranji?"

"Aaa, kaya. Ine ndi wamtengatenga chabe."

Mutu wanga unaima. Ng'ombe zonse zilipo, galu alipo, munthu akudya mbale ziwiri. Maluwa watumiza kawiri. Nkhata yokha ndi imene ingamubwezere kuphiri, iye mwini akuti usaluke. Zikugwirizana pati zimenezi?

Ndinalakwa pamodzi: ndinauza Hedwig, mkazi wa wophika buledi, mnzanga wapamtima, titagwirizana kuti zithere pomwepo. Koma nkhani m'tauni ya linga ilibe kothawira. Imazungulira khoma n'kudzakupezanso itanenepa. Pofika Lachiwiri m'mawa, ng'ombe zitatu zinali zitagwera kuphompho. Pofika masana, mphenzi inali itapha khumi ndi imodzi. Dzuwa lisanalowe Hedwig yemweyo anabwera akuthamanga, manja ali mbuu ndi ufa, kudzandiuza kuti a Magnus athyoka mwendo ndipo akubusa chokwawa.

"Wamva kwa ndani?"

"Aliyense akudziwa! Ati zachokera kwa iwe."

Lachitatu eni ng'ombe anayamba kudzaza shopu. Aliyense ankalowa mwakachetechete, kununkhiza maluwa ngati wogula, kenako n'kundinong'oneza, "Afra, ndiuze ine ndekha, ndi yanga?" Mayi wina anayamba kulira ng'ombe yake Bärbel pomwepo, ndinachita kumupatsa madzi. Akuluakulu awiri anakangana pakhomo panga mpaka kulozana ndodo, wina akuti nkhuku za mbusa zikafa nazonso zimaletsa nkhata, mnzake akuti Magnus nkhuku anasiya kuweta kalekale. Bambo mfumu anatumiza funso loti Misa ya Loweruka, tsiku lotsika ng'ombe, ikhale yothokoza kapena yopepesa. A meya nkhawa yawo inali ya oimba malipenga, poti ng'ombe zikatsika zopanda nkhata malipenga salira, pamene anthuwo anali atachapitsa kale majekete. Pomaliza anabwera Ottmar, akupotokola chipewa.

"Ngati zonse zilipo, akukaniranji? Ngati yafa, akubisiranji? Afra, ndi alamu ako, umawadziwa."

"Ndikanawadziwa bwenzi ndikukuyang'ana iweyo? Choka pakhomo, ukutchinga kuwala."

Kukwera ndekha sindikanatha, ndi ulendo wa maola anayi ndipo bondo langa linali litayamba kale zake. Ndinalemba kalata yoti Pius akwere nayo Lachinayi: "Alamu, musandipengetse. Yafa iti? Ngati palibe, mukudzipheranji?" Lachinayi chakumadzulo Pius anabwera ndi phukusi lozungulira, lokulungidwa m'mapepala, lomangidwa ndi kachingwe.

"N'chiyani ichi?"

"Tchizi. Ati utsegule wekha, lero lomwe."

"Yankho lili kuti?"

"Ati palibe yafa."

Ine mtima wanga ndi wapachala, sindibisa. Ndafunsa nkhani ya moyo wa munthu, iye akunditumizira tchizi! Asa! Phukusilo ndinaliponya pamwamba pa kabati, n'kumuuza Pius mawu oti bulu yemwe panja anaimika makutu. Kenako ndinakhala pansi n'kuyamba kuganiza. Mwina akufuna kumuonetsa Ottmar kuti sapembedza munthu. Mwina anaphonya powerenga ndipo akuyesa kuti imodzi yasowa. Mwina akufuna tiwachonderere, amuna ena amakonda zimenezo. Mwina apeza mkazi wamasiye kuseri kwa phiri, ku Austria, ndipo akufuna chifukwa chosamukira. Zonse ndinaziyesa ngati makiyi paloko, osatseguka.

Ndiye ndinachita zimene sizinachitikepo mu Tannried, zoti mayi anga akanakhala moyo akanandimenya makofi. Ndinaluka nkhata mbusa atakana. Lachisanu lonse ndinatseka shopu n'kuluka mano ali gwa ndi ukali, ndipo ndikuuzeni, nkhata ngati imeneyo sindinalukepo. Maluwa a mitolo yonse iwiri analowamo. Inali yowongoka ngati nsanja ya tchalitchi. Ndinati pamlatho sindipita nayo, angaiponyere m'madzi. Ndikaima nayo pachipata, ng'ombe zikakwana pamaso pa anthu onse, tione ngati akane.

Loweruka kunacha bwino, kuphiri kopanda ndi kamtambo komwe. Mabelu tinayamba kuwamva cha m'ma naini, ali kutali, ngati mvula ikubwera. Anthu anadzaza pamwamba pa khoma, ena m'mawindo, ena pamsika. Oimba malipenga anaima ndi majekete awo osadziwa ngati aimbe kapena ayi, mmodzi anayamba yekha n'kusiyira pakati. Ine ndinali pansi pa chipata, dengu lili pamapazi, nditaliphimba ndi nsalu.

Chipata chathu n'chopapatiza, ng'ombe zimalowa imodziimodzi. Mbusa amaima pomwepo n'kumatchula dzina la iliyonse, kuloza mwini wake ndi ndodo, apamwamba pakhoma akuwerenga mokweza. A Magnus anatulukira pamlatho, ng'ombe yotsogolera, Alma, ili ndi belu lalikulu m'khosi, pamutu popanda kanthu. Alamu anga anali ataonda, ndevu zili nyankhalala, koma ankayenda mowongoka. Anadutsa pafupi nane osandiyang'ana. Mumtima ndinati chabwino, nyadani, tionana.

"Alma!" anakuwa.

"Imodzi!" khoma linayankha.

"Gretl! Usamumwetse madzi ozizira lero, watopa." Ndodo inaloza Ottmar.

"Ziwiri!"

"Bärbel!"

Mayi uja analiranso, tsopano akupsompsona ng'ombe pamphuno. A Magnus sanaphonye ngakhale imodzi. Ankadziwa yotsimphina, yamwano, imene ili ndi bere. Mawu a anthu ankakulirakulira. Makumi anayi. Kudza imodzi. Kudza ziwiri. Kenako kunalowa kang'ombe kofiirira, kakuyenda ngati tsiku lonse ndi lake.

"Makumi anayi kudza zitatu!"

Palibe anadziwa chochita. Ena anawomba m'manja, ena anati tiwerengenso, wina pakhoma anakuwa kuti mwina imodzi yalowa kawiri. Amuna amene anakwera dzulo lake kukathandiza kukusa ng'ombe ankangotambasula manja: kumtunda zonse zili bwino, nyumba yosesa, mkuluyo sanalankhule zambiri. Ottmar anavula chipewa, kukanda mutu, kuvalanso.

"Achikulire, zonse zakwana, zonenepa kuposa chaka chatha. Nkhata munakaniranji?"

A Magnus anangomuyang'ana. Anali atatsamira ndodo, akupumira m'mwamba.

"Ine zandizunguza mutu," anatero Ottmar mokweza kuti onse amve. "Koma pangano ndi pangano, tinati nkhata. Itapezeka pano, n'kukhala pamutu pa Alma asanalowe m'khola, ine ndilibe mawu, chaka chamawa akwerenso. Afra, m'dengumo muli chiyani?"

Ndi nthawi imene ndinkaidikira. Ndinavundukula nsalu n'kuikweza m'mwamba nkhata ija, kagalasi kakuthwanima padzuwa. Anthu anafuula, malipenga anayamba onse pamodzi, aliyense nyimbo yake. Ndinayenda monyada kukaima pamaso pa alamu anga, yankho langa la chaka ndi chaka lili kale pamlomo.

Anaiyang'ana nkhata ija, nkhope yawo n'kuwala. Kenako anavula chipewa.

"Mayi, nkhata yokongola chonchi mwaluka nokha? Muli ndi manja abwino."

Ndinaseka. Ndinayesa ndi chipongwe chatsopano.

"Alamu, musandichititse manyazi pagulu. Nenani zanu zija tizipita."

"Pepani mayi," anatero mwaulemu, akuyang'ana ng'ombe zimene zinali pamsika, kenako ine. "Yanu ndi iti? Ndimayesa ndagawa zonse."

Ndinawayang'ana m'maso, maso amene ndinawadziwa kuyambira ndili mtsikana wa zaka khumi ndi ziwiri. Munalibe chipongwe. Anali munthu waulemu akudikira kuti mlendo atchule dzina la ng'ombe yake. Ndinakumbukira mitolo iwiri ya maluwa, ndinakumbukira Pius ndi dzina la malemu bambo ake. Malipenga ankalira, anthu akukuwa kuti "Vekani! Vekani!", a Magnus atatambasula manja onse awiri kuti alandire, akumwetulira.

Ndikanawapatsa. Mulungu akudziwa kuti ndinkafuna kuwapatsa. Miyezi itatu ina kumtunda, ndine amene ndinaimenyera nkhondo pamsonkhano uja mpaka kukalapa. Koma m'maso mwanga munabwera chifunga cha kuphiri, phompho la kuseri kwa nyumba ya abusa, ndi munthu ali yekha ndi galu, osadziwa kuti ali kuti. Ndinabweza nkhata m'dengu n'kuphimba.

Malipenga anasiya limodzilimodzi.

"Afra, wapenga?" anatero Ottmar. "Ukutani?"

"Yapendekeka," ndinatero.

"Yapendekeka pati? Tonse taiona!"

"Ndati yapendekeka. Woluka ndine kapena iwe?"

Pagulu ponse paja sindikanatha kunena zina. Munthu amene wangotchula ng'ombe makumi anayi kudza zitatu osaphonya, ndimuvule pamaso pa tauni yonse? Ndinanyamula dengu n'kudutsa pakati pa anthu. Ndinamva Hedwig akuti, "Mlamu wake weniweni! Nkhanza zake!" Wina anati Ottmar wandinyengerera mwamseri, wina anati ndi nsanje yakalekale, ati a Magnus ndinkawafuna ndine Zenta asanawatenge. Kumbuyo kwanga ndinamva mawu a alamu anga akufunsa, "Kodi mayi aja akwiya ndi chiyani?"

Nditafika mushopu ndinakhoma chitseko, ndipo maso anga anagwera pa phukusi lija pamwamba pa kabati. Ndinadula kachingwe. Pansi pa tchizi panali kalata, yonona ndi mafuta.

"Mavu. Pa 9 Ogasiti kunagwa chifunga. Ndinakhala pamwala osadziwa kuti ng'ombe izi ndi za yani, ndiponso kuti ine ndikutani pano. Ndinagwira mchira wa Alma, ndi amene anandifikitsa kunyumba. Zachitika kanayi tsopano. Dzulo ndinamuikira Zenta mbale. Nkhata imanena kuti mbusa wabweretsa ng'ombe zonse. Chaka chino ng'ombe ndi zimene zikubweretsa mbusa, ndiye ingakhale bodza. Ottmar sindingamuuze, pakamwa pakukana. Ndalemba lero poti mutu uli bwino. Ndikatsika nditaiwala, n'kuifuna nkhata, usandipatse. Ndauza iwe chifukwa ndiwe wekha wouma mtima mokwanira. Tchizi usamugawireko Hedwig."

Ndinalira, ine Afra, amene sindinalire ngakhale pamaliro a mwamuna wanga. Masiku awiri kalata ili pamwamba pa kabati, ine ndikuluka nkhata yabodza, n'kukaionetsa munthu pamaso kuti aisirire, kenako n'kumulanda. Kalanga ine! Ndikanangodula kachingwe basi. Chakumadzulo ndinamuitana Ottmar yekha n'kumuwerengetsa kalatayo. Atamaliza, chipewa chili pamaondo, anati ndodo achikulire aisunge, mbusa watsopano akasema yake.

Tauni inadziwa pang'onopang'ono, monga imadziwira zonse, ndipo Hedwig anabwera ndi keke kudzapepesa. A Magnus anakhala zaka zina zinayi m'kachipinda kaja. Juni woyamba anali wowawa. Anavala nsapato zokwerera phiri n'kukaima pachipata ndi ndodo, ndipo ndinachita kuwauza kuti ng'ombe zikwera mawa. Mawa lake ndinawauzanso chimodzimodzi. Masiku ena mutu unkabwerera, n'kundiuza kuti msuzi wanga ndi madzi otsukira mbale, ine n'kusangalala tsiku lonse. Masiku amenewo anayamba kuchepa mpaka anatha.

Masana aliwonse ndinkawapititsira chakudya, ndipo masana aliwonse ankavula chipewa n'kundifunsa kuti yanga ndi iti. Poyamba ndinkati, "Ndine Afra, mng'ono wake wa Zenta," iwo n'kuchita manyazi, n'kukankha mbale osadya. Tsiku lina ndinatopa nazo.

"Yanga ndi Mavu," ndinatero.

Anakweza mutu, n'kuganiza kanthawi.

"Mavu. Eya, ndikuidziwa. Yovuta imeneyo, imaluma munthu asanaipute." Anasendeza mbale pafupi. "Koma musaigulitse, mayi."

Anatenga supuni n'kumaliza msuzi wonse.